Kusinja mochi kunyumba: mpunga wake, nthunzi, mtondo ndi zimene zimalakwika

Nasibeko:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa ndi la mochi, chakudya cha ku Japan chija cha mpunga wosinja, chotamuka, chimene amadya kwambiri pa Chaka Chatsopano. Ndikufuna njira yeniyeni ya pamanja, yoyambira ku mpunga wanjere, osati ufa wa m'paketi. Mpunga wake ndi uti, amaunyika maola angati, nanga mtondo ndi munsi wamba zingagwire ntchito?

Bambo Mbewe:
Zikomo a Nasibeko. Tiyambe ndi mpunga, chifukwa mukalakwitsa pamenepa, ngakhale musinje mpaka dzuwa kulowa, mochi simuiona. Ku Japan amagwiritsa ntchito mpunga wotchedwa mochigome. Njere zake ndi zazifupi, zonenepa, ndipo zikakhala zouma zimayera mbee ngati choko. Mpunga wawo wodyera ndiwo, umene amati uruchimai, njere zake zimaoneka ngati zodutsa kuwala pang'ono.

Kusiyana kwenikweni kuli mu sitachi. Mu mpunga muli sitachi ya mitundu iwiri, amylose ndi amylopectin. Mochigome pafupifupi yonse ndi amylopectin, ndipo imeneyi ndi imene imamata ndi kutamuka. Mpunga wamba uli ndi amylose wambiri ndithu, amene amachititsa kuti njere zikapsa zikhale payokhapayokha. Choncho Kilombero, Faya, basmati, ngakhale mpunga wopangira sushi, musataye nawo nthawi. Mukausinja umangosanduka chiphala cholimba chodukaduka.

M'masitolo a zakudya za ku Asia paketi yake imalembedwa sweet rice kapena glutinous rice, ngakhale kuti suli wotsekemera ndipo mulibe gluten, chomata chija cha mu ufa wa tirigu. Mukakayika, phwanyani njere zingapo n'kudonthezera mankhwala a ayodini aja otsukira mabala. Mpunga wamba umasanduka wabuluu wakuda, pamene mochigome imasanduka yofiirira.

Chimwemwe K:
A Mbewe, nanga mpunga womata wa ku Thailand uja? Ndi umene umapezeka msanga ku Johannesburg ndi ku London.

Bambo Mbewe:
Umatheka, popeza nawonso ndi wa amylopectin. Koma njere zake ndi zazitali, fungo lake ndi lina, ndipo mochi yake siisalala ngati ya njere zazifupi. Ngati pali kusankha, tengani wa njere zazifupi. Ngakhale ku Japan komweko mitundu imasiyana. Koganemochi wa ku Niigata amamukonda pa mochi yodula chifukwa imalimba bwino, pamene Hiyokumochi wa ku Saga amachedwa kulimba, ndiye amayenera pa zotsekemera zofuna kukhala zofewa.

Mayi Nankhoma:
Ndithandizeko pa miyeso. Anthu a ku Japan amayeza mpunga ndi kapu yotchedwa gō, ya mamililita 180. Makapu 10 oterewa amapanga shō imodzi, malita 1.8, imene pa mochigome youma imalemera makilogalamu 1.4 mpaka 1.5. Shō imodzi imatulutsa mochi pafupifupi makilogalamu 2, kutanthauza timibulunga 40 ta magalamu 50. Kwa woyamba kumene, shō imodzi ndi yokwanira. Mukachepetsa kwambiri mu mtondo waukulu, mpunga umazizira msanga ndipo munsi umangomenya mtengo.

Tsukani mpunga kanayi kapena kasanu, madzi oyamba muwataye mwachangu kuti fungo la gaga lisalowe m'njere. Kenaka nyikani m'madzi ambiri ozizira kwa maola 8 mpaka 12. Mpunga wokhalitsa umafuna maola ochulukirapo kuposa wa chaka chomwecho. Chizindikiro chake n'chakuti njere imafumbutuka mukaifinya pakati pa zala. Apa pali chofunika kuchenjera: ku Japan amasinja mu Disembala kukuzizira, ndiye kunyika usiku wonse panja sikuvuta. Kumene Disembala ndi mwezi wotentha, madzi amasasa usiku umodzi wokha. Ikani beseni mu furiji, kapena sinthani madzi kawiri katatu.

Mukatero tsanulirani mu sefa, mupendeketse, musiye mphindi 30 mpaka ola limodzi kuti madzi akhe onse. Ambiri amathamangira pamenepa. Madzi otsalira pakati pa njere amatseka njira ya nthunzi, pansi pamachita phala pamwamba pali pouma.

Nasibeko:
Mayi Nankhoma, mwati nthunzi. Kodi sindingangowiritsa mu poto monga timachitira ndi mpunga wina uliwonse?

Mayi Nankhoma:
Ayi mwanawe, musawiritse. Mochigome imamwa madzi ambiri pa nthawi yonyika ija, moti imene ikupita pamoto imakhala itatenga kale pafupifupi madzi onse amene ikufuna. Mukaiika m'madzi ena imalowerera, mochi yake imatuluka yamadzimadzi, yosaima, ndipo imachita chuku msanga.

Chophikira chawo amati seiro, chathabwa kapena chansungwi, chokhala pamwamba pa mphika wa madzi owira. Ngati mulibe, tengani sefa yachitsulo yokhala bwino pakamwa pa poto wamkulu, isakhudze madzi, ndipo mipata ya m'mbali muitseke ndi nsalu yonyowa. M'kati yalani nsalu ya thonje ya maso aakulu, yonyowetsa n'kufinya bwino. Nsalu yothithikana imatchinga nthunzi. Thirani mpunga, musautsendere, ndipo pakati pake boolani dzenje ndi dzanja kuti nthunzi izikwera paliponse. Pindirani nsalu pamwamba, vundikirani. Madzi akhale atawira kale musanaike mpunga, moto ukhale wamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Shō imodzi imatenga mphindi 30 mpaka 45. Madzi akachepa mu poto, onjezerani owira okhaokha. Ozizira amadula nthunzi ndipo mpunga umaima kupsa.

Osadalira wotchi yokha. Tengani njere za pakati ndi za m'mbali, mulawe. Mukamva kamtima kolimba m'kati mwa njere, sunapse. Kamtima kameneko sikatha ndi munsi, kamatsala mu mochi ngati misere mpaka kumapeto.

a Gondwe:
Za mtondo ndiyankhe ine. Mtondo wa ku Japan amati usu, ndipo ndi wosiyana ndi umene tinazolowera. Ndi wotambalala kukamwa, wosazama, ngati mbale yaikulu yosemedwa pa chipika cha mtengo wa keyaki kapena pa mwala. Munsi wake, kine, uli ngati hamala yaikulu yamtengo ya chigwiriro chachitali. Kutambalalako n'kofunika chifukwa pamakhala anthu awiri: wosinja, ndi wotembenuza amene amalowetsa dzanja nthawi iliyonse munsi ukakwera. Mtondo wathu ndi wozama ndi wopanikiza, dzanja silingalowe n'kutuluka mwachangu. Ine ndinganene kuti suyenera.

Bambo Mbewe:
Pamenepo ndisiyane nanu pang'ono, achimwene. Munsi woongoka ngati wathuwu ku Japan unaliko kalekale, amautcha tategine, ndipo unayamba iwowo hamala ija isanabwere. Mpaka lero madera ena ali ndi mwambo wa senbongine, pamene anthu angapo amazungulira usu ndi minsi yoongoka. Ndiye vuto si munsi. Mtondo wozama umatheka mukasintha kachitidwe: musinje kakhumi, muime, muchotse munsi, wina atembenuze ndi chipande chonyowa, mupitirize. Ubwino wake umasunga kutentha kuposa usu wotambalala.

Chimene ndikuvomerezana nanu n'chakuti mtondo wokonolera chimanga kapena wosinjira nsinjiro suyenera. Mochi imatola chilichonse, fungo, gaga wotsalira m'ming'alu, tizibenthu ta mtengo. Pafunika mtondo watsopano kapena wosalala m'kati, wopanda ming'alu.

a Gondwe:
Ndamva, a Mbewe, mwanena zoona za tategine. Ndiye ndipitirize ndi kukonzekera zida, chifukwa kumeneku n'kofanana kaya mtondo ndi wotani.

Dzulo lake, dzazani mtondo wamtengo ndi madzi ndipo mutu wa munsi muunyike mu ndowa usiku wonse. Mtengo ukamwa madzi suthetheka ndipo mochi siimatirira kwambiri. Tsiku losinja, mpunga uli pamoto, thirani madzi otentha mu mtondo, musinthe kawiri kapena katatu. Wamwala umafuna kutenthetsa kwambiri chifukwa umayamwa kutentha kwa mpunga nthawi yomweyo. Mpunga utatsala pang'ono kuphulidwa, khuthulani madziwo, pukutani ndi nsalu yoyera kuti mungotsala chinyezi.

Tsopano gawo limene anthu oonera mavidiyo saliona, koma ndilo mwini ntchito. Mukakhuthulira mpunga mu mtondo musayambe kumenya. Mukamenya njere zosagwirana zimangouluka n'kumwazika pansi. Yambani ndi kukanda, iwo amati kone. Gwirani munsi pafupi ndi mutu, tsamirani ndi thupi lonse, muzitsendera ndi kupotoza uku mukuzungulira mtondo, kuchokera m'mbali kupita pakati. Chitani mwachangu, mphindi zitatu mpaka zisanu, kufikira njere zitaphwanyika n'kugwirana kukhala chinthu chimodzi chonyamulika. Odziwa amati gawo lalikulu la mochi limathera pa kukanda. Mukakanda moperewera, mibulu siitha, chifukwa pamene mukuyamba kumenya mpunga umakhala wayamba kale kuzizira.

Kenaka kusinja. Musaponye munsi ndi mphamvu zonse. Ukwezeni, muulole ugwe ndi kulemera kwake, pakati penipeni. Ukamenya mlomo wa mtondo umathetheka ndipo tizibenthu ta mtengo timalowa mu chakudya. Wotembenuza akhale chogwada pambali pa wosinja, osati moyang'anizana naye, kuti mutu wake usakhale mu njira ya munsi. Ntchito yake ndi kunyowetsa dzanja, kukoka m'mphepete mwa mochi n'kupindira pakati, kenaka kuchotsa dzanja. Azilankhulana mokweza, ku Japan amafuula kuti "yoisho" kuti onse awiri adziwe nthawi. Kamodzi kapena kawiri pakati pa ntchito, imani, nyamulani mochi yonse muitembenuze ya pansi ibwere pamwamba. Kuyambira pokhuthula mpunga mpaka pomaliza zisapitirire mphindi 10 kapena 15. Ntchito yatha mukaona pamwamba posalala, ponyezimira, ndipo mukakoka kachidutswa kamatamuka osaduka, popanda njere.

Chimwemwe K:
Mavidiyo a sitolo ya mochi ya Nakatanidou, mumzinda wa Nara ku Japan, amaonetsa akusinja mothamanga koopsa. Kodi liwiro limenelo ndi lofunika?

a Gondwe:
Chimene amathamangira ndi kutentha: mochi yosinjidwa ikadali yotentha imatuluka yofewa ndi yotamuka kwambiri. Koma amenewo ndi akatswiri a zaka zambiri. Kunyumba musatengere. Dzanja la wotembenuza ndi lofunika kuposa mochi. Pezani liwiro limene nonse awiri mukumvana, ndipo chimene mungachite kuti musataye kutentha ndi kuika mtondo pafupi ndi moto, zonse zikhale zokonzeka musanaphule mpunga.

Mayi Nankhoma:
Ndionjezere za madzi a m'manja aja, chifukwa ndi pamene mochi yambiri imaonongekera. Akhale ofunda, osati ozizira, ndipo dzanja lingonyowa, lisadonthe. Munthu akaona mochi ikumatirira ku munsi amayamba kuwaza madzi ndi chikhatho. Pa nthawiyo imaoneka yofewa bwino, koma mukaiumba imaphwasuka n'kufalikira ngati chitumbuwa chosakhwima, mukaiika mu msuzi imasungunuka, ndipo chuku chimabwera masiku awiri okha. Ikamatirira, viikani mutu wa munsi m'madzi otentha, mupale zomatirira ndi chipande, mupitirize.

Ndiponso manja asambidwe ndi sopo bwinobwino, ndipo amene watsegula m'mimba kapena akusanza asayandikire. Mochi yongosinja imadyedwa osabwereranso pamoto, ndipo ku Japan amachenjeza kwambiri za norovirus, kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba ndi kusanza, pa miyambo yosinja pagulu.

Nachisale:
Pa kuumba. Wazani sitachi pa thebulo kapena thireyi yaikulu. Iwo amagwiritsa ntchito katakuriko, sitachi ya mbatatesi. Cornflour wa m'sitolo amagwiranso ntchito. Ufa wa tirigu ayi, ufa woyera wa nsima ayi, umamveka ngati mchenga m'kamwa. Ikani mochi pamenepo, wazani sitachi pamwamba pang'ono ndi m'manja mwanu. Imatentha kwambiri, samalani.

Kuti mupange yobulungira, marumochi, kokerani m'mphepete pansi kuti pamwamba pakhale posalala, kenaka finyani pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka kachibulunga katuluke, mupotoze n'kudula. Musakoke, imasiya michira. Mbali yodukayo ikhale pansi, muzunguze pa chikhatho n'kuphwatalala pang'ono. Onetsetsani kuti sitachi isalowe m'mapindo, chifukwa pamene yalowa sipagwirananso, pamang'ambika pouma. Ntchitoyi imafuna manja ambiri, poti pakatha mphindi 10 mochi imayamba kuchita khungu.

Njira yosavuta ndi ya noshimochi. Ikani mochi yonse m'thumba lapulasitiki lolimba la zakudya, boolani timabowo m'makona kuti mpweya utuluke, yalani ndi mpini wopondera mandasi mpaka ikhale yochindikala sentimita imodzi ndi theka. Siyani pamalo ozizira tsiku limodzi. Dulani isanalimbe kwambiri: tsiku lomwelo imamata ku mpeni, pakapita masiku atatu imalimba ngati thabwa ndipo mpeni ungakutemeni. Nyowetsani mpeni mukadula kulikonse. Imeneyi ndiyo kirimochi, yamakona anayi, yofala kum'mawa kwa Japan monga ku Tokyo, pamene kumadzulo monga ku Kyoto ndi Osaka amakonda yobulungira.

Nasibeko:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga amene akukhala m'nyumba zosanja, opanda mtondo?

Nachisale:
Chepetsani mpunga ukhale makapu awiri kapena atatu a gō, magalamu 300 mpaka 450. Kunyika ndi nthunzi n'chimodzimodzi. Khuthulirani m'mbale yolimba yotenthetsa, yokhazika pa nsalu yonyowa kuti isaterereke, ndipo sinjani ndi nsonga ya mpini wamtengo wonyowa kwa mphindi 10 mpaka 15, mukutembenuza ndi chipande. Njere zochepa zimatsalako koma imadyeka bwino. Makina okandira buledi a pathebulo amathandizanso: tenthetsani mbale yake ndi madzi owira, gwiritsani ntchito ngowe yokandira pa liwiro lotsika, muziimitsa pakapita mphindi ziwiri zitatu kuti mupale m'mbali ndi kupumitsa injini, chifukwa mochi ndi yolemera. Blender musaiyese n'komwe, imangokakamira n'kupsa. Ku Japan makampani ngati Tiger ndi Zojirushi amapanga makina ake a mochi, ophika ndi nthunzi n'kusinja momwemo.

Chimwemwe K:
Ine ndimaona anthu akupanga ndi ufa mu microwave mphindi zitatu zokha. Si mochi imeneyo?

Bambo Mbewe:
Ndi m'bale wake, koma si yomweyo. Imeneyo ndi khungu la zotsekemera monga daifuku (kabulunga kofewa kokhala ndi nyemba zotsekemera m'kati), lopangidwa ndi ufa, shuga ndi madzi. Siingalowe m'malo mwa yosinja mu msuzi kapena pa makala. Ufa wake uli mitundu iwiri: shiratamako, wogayidwa ndi madzi n'kuumitsidwa, wooneka ngati timiyala toyera, ndi mochiko, wogayidwa wouma. Shiratamako amatulutsa khungu losalala kwambiri. Chenjerani ndi joshinko ndi ufa wolembedwa rice flour basi, umenewo ndi wa mpunga wamba, sutamuka.

Muyeso wa daifuku 8: shiratamako magalamu 100, shuga magalamu 50, madzi mamililita 150. Thirani madzi pang'onopang'ono mukuphwanya timiyala tija, kenaka shuga. Vundikirani mosatseka kwambiri, microwave ya mawati 600 mphindi ziwiri, takasani mwamphamvu ndi chipande chonyowa, bwezerani mphindi imodzi, takasaninso. Ikapsa imasiya kuyera ngati mkaka, imayamba kunyezimira. Pakatsala poyera, onjezerani masekondi 30. Pa nthunzi imatenga mphindi 15, mutakase kamodzi pakati. Shuga musamuchotse poganiza zochepetsa kutsekemera. Ndi amene amagwira madzi kuti khungu lisalimbe mawa lake.

Mayi Nankhoma:
Za m'kati mwake, anko, ndi nyemba za azuki magalamu 200 ndi shuga magalamu 180 mpaka 200, ndi kamchere. Wiritsani nyemba mphindi zingapo, tayani madzi oyambawo kuti kuwawa kuchoke, thirani ena, phikani pa moto wochepa ola limodzi kapena kuposa, nyemba zikhale zomira nthawi zonse. Lamulo lake ndi limodzi: shuga alowe pokhapokha nyemba itafewa moti ikuphwanyika ndi zala mosavuta. Mukafulumira kuthira shuga, nyemba zimalimba ndipo sizifewanso ngakhale muphike tsiku lonse. Takasani mpaka mthiko ukadutsa pansi pa poto pazioneka kanjira. Phulani ikadali yofewerapo, imalimba ikazizira. Umbani timibulunga ta magalamu 25 mpaka 30, tizizire tisanakutidwe. Azuki ndi wachibale wa khobwe, ndipo khobwe wofiira angalowe m'malo, kungoti khungu lake ndi lolimbirapo, ndiye ndi bwino kumusefa.

Yongosinja kumene imakomanso ndi kinako, ufa wa soya wokazinga. Kazingani soya pa moto wochepa mpaka anunkhire, petani makoko, gayani, sefani, sakanizani masupuni awiri a ufawo ndi imodzi ya shuga ndi kamchere. Viikani mochi m'madzi otentha kaye kuti ufa umatirire.

Nasibeko:
Yotsala ndiisunge mu furiji?

Nachisale:
Mu furiji imalimba msanga, chifukwa kuzizira kwa mmenemo ndi kumene sitachi imabwerera kuuma mofulumira. Kulimbako sikuononga mochi yodzaotcha, koma furiji imangochedwetsa chuku, siichiletsa. Njira yabwino ndi firiza. Ikangozizira, sasani sitachi yonse ndi kaburashi kouma, kulungani chidutswa chilichonse pachokha, ikani m'thumba lotseka. Imakhala bwino mwezi umodzi. Daifuku idyedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Chimwemwe K:
Ikachita chuku pang'ono, si kungopala ndi mpeni? Akuti akale ankatero.

Nachisale:
Ankaterodi, koma musatero. Chimene mukuona pamwamba ndi mbali yochepa. Mizu yake imalowa m'kati mosaoneka, ndipo poizoni wa mitundu ina ya chuku satha ndi moto. Tayani. N'chimodzimodzi ndi chuku cha mtedza ndi chimanga.

a Gondwe:
Pali nkhani ina imene sitingaisiye. Mochi imatsamwitsa, ndipo imapha. Chaka chilichonse nyengo ya Chaka Chatsopano, a ozimitsa moto ku Tokyo amachenjeza anthu, poti ambiri otengeredwa kuchipatala amakhala okalamba. Ikatuluka m'mbale yotentha n'kulowa m'kamwa imayamba kuzizira, imalimba ndi kumata kukhosi. Kwa agogo ndi ana duladulani tizidutswa tating'ono ngati nsonga ya chala, ayambe amwa tiyi kapena msuzi kuti kukhosi kunyowe, atafune mokwanira, adye atakhala tsonga, ndipo asadye okha. Ana aang'ono kwambiri musawapatse. Wina akatsamwa n'kulephera kutsokomola kapena kulankhula, muweramitseni, mumenyeni mwamphamvu pamsana pakati pa mapewa ndi chikhatho, wina akuitana thandizo nthawi yomweyo. Musamumwetse madzi.

Bambo Mbewe:
Ngati mukufuna kutsata kalendala yawo, ambiri amasinja pa 28 kapena pa 30 Disembala. Pa 29 ena amapewa chifukwa 9 m'Chijapani amamveka ngati mawu otanthauza kuvutika, ndipo pa 31 amati ndi kukonzekera kwa usiku umodzi, kopanda ulemu. Yosinja mu mtondo woyamba imakhala kagami mochi, yokongoletsera m'nyumba pa Chaka Chatsopano: mibulunga iwiri yosanjikiza, yaing'ono pamwamba pa yaikulu, ndi lalanje la daidai pamwamba pake. Imakhala choncho mpaka pa 11 Januwale m'madera ambiri, pamene amaiphwanya ndi kahamala kamtengo kapena ndi manja, osati ndi mpeni.

Nasibeko:
Ikafika pamenepo imakhala itauma gwa. Amaidya bwanji?

Mayi Nankhoma:
Zidutswa zazikulu amaziwiritsa pang'ono mpaka zifewe n'kuziika mu msuzi wotsekemera wa azuki, oshiruko. Tizidutswa tating'ono amatiyanika pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo mpaka ting'ambike ndi kuuma m'kati momwe, kenaka amatikazinga m'mafuta otentha madigiri 160 mpaka 170, n'kuwaza mchere. Tikakhala ndi chinyezi m'kati timaphulika m'mafuta ndipo pakati pamatsala polimba, ndiye kuyanika musakufupikitse. Kirimochi wamba muotche pa waya pamwamba pa makala ofiira opanda malawi, muzitembenuza pafupipafupi mpaka ifufume n'kung'ambika pamwamba. Yochokera mu firiza isungunuke kaye, apo ayi kunja kumapserera m'kati muli mwala. Ikafufuma, viikani mu soy sauce, msuzi wamchere wa soya, wosakaniza ndi shuga pang'ono, kulungani ndi nori, ndere zouma za m'nyanja, idyedwe ikadali yotentha.